Chilonda cha Boma

Mu Ufumu wa Dikirani, dziko lija lili m'mphepete mwa nyanja yamchere, palibe chinthu chatsopano chimene munthu angachigwiritse ntchito Mfumu isanachikhudze. Eni ake amati limeneli ndi Lamulo la Dzanja Loyamba. Mlatho ukamangidwa, anthu amapitiriza kuwoloka mtsinje atapinda mathalauzi pansi pa mlatho womwewo, kufikira tsiku limene Mfumu Ndiyambendine Wachinayi idzabwere ndi sizasi yake yagolide kudzadula liboni. Mjigo ukakumbidwa amaufunditsa nsalu, amayi n'kumakatungabe kudambo. Kumudzi wina kunali chimbudzi cha sukulu chimene chinadyedwa ndi chiswe mpaka kugwa chisanalowemo munthu, ndipo wailesi ya boma inachitamanda kuti chinali chimbudzi chaukhondo koposa zonse m'dzikomo.

Wofulumira kugwiritsa ntchito chinthu chosatsegulidwa amapita naye kundende ya pachilumba yotchedwa Mwafulumira. Bwato lopita kumeneko limanyamuka lodzaza, koma pobwerera mumangokhala opalasa okha. N'chifukwa chake anthu a ku Dikirani ndi odekha kwabasi, moti alendo odzaona dzikoli amabwerera kwawo akusimba za ulemu wawo. Alendo ndi otero, amaona munthu wamantha n'kumati analeredwa bwino.

Pamsika waukulu wa Tapirira, mumzinda wa Mawamawa umene ndi likulu la dzikolo, panali bambo wina wokazinga tchipisi, dzina lake Lufeyo Kamtedza. Sanali munthu wa ndale. Ankadziwa mbatatesi, mafuta, mchere ndi tsabola, zina zonse ankasiyira eni ake. Mkazi wake Nasibeko anali ndi benchi kuseri kwa msika, kumene amayi amapala ndi kusenda nsomba zikuluzikulu zopita kumahotela. Amahotela amangofuna mnofu. Makungu, mamba ndi minga zinkatayidwa m'ngalande, n'kumadyedwa ndi amphaka amene anali onenepa kuposa ana a m'deralo.

Tsiku lina m'mawa apolisi anafika kudzathamangitsa ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, chifukwa Mfumu inkadutsa kukatsegulira chikwangwani chosonyeza pamene padzadutse msewu wina m'tsogolo muno. Wapolisi wina wachangu anakankha chiwaya cha Lufeyo ndi nsapato. Mafuta owira anakhuthukira pamkono wake wamanja, kuyambira m'chigongono mpaka padzanja. Pamene galimoto za Mfumu zinkadutsa, Lufeyo anali akugubuduka m'fumbi, ndipo mtolankhani wa boma analengeza kuti anthu a ku Tapirira analandira Mfumu yawo mogubuduka ndi chimwemwe.

Ku Chipatala Chachikulu cha Tithokoze anagwera m'manja mwa Dokotala Kathewera, mayi wachete amene anthu a pamsika ankamudziwa chifukwa cha khalidwe lake lachilendo lotola makungu a nsomba kwa Nasibeko ndi anzake. Kwa zaka zambiri mayiyu ankafufuza chinthu chotchedwa kolajeni. Ankafotokozera aliyense wofuna kumva kuti kolajeni ndi timaulusi timene timagwira thupi kuti lisamwazike, ndipo timapezeka m'khungu, m'mitsempha ndi m'mafupa a anthu ndi nyama zomwe. M'khungu la nsomba za m'nyanja timakhalamo tambiri. Khungulo likatsukidwa bwino n'kuviikidwa m'mankhwala opha tizilombo, limatha kuyalidwa pachilonda cha moto. Limamatirira, limatseka madzi a m'thupi kuti asamatuluke, limatchinga fumbi ndi ntchentche, ululu umachepa, ndipo pansi pake khungu latsopano limamera pang'onopang'ono. Mayiyu anali atayesa kale pa mbuzi zimene zinapsa khola litayaka moto, ndipo mbuzizo zinachira. Lamulo la Dzanja Loyamba silikhudza mbuzi, n'chifukwa chake ku Dikirani mbuzi zimatsogola pa zinthu zambiri.

Makungu okonzedwa kale analipo m'firiji, mkono wa Lufeyo unali pomwepo, ndipo ntchito yake inali yosachedwa n'komwe. Koma Dokotala Kathewera anabadwira ku Dikirani ndipo anaphunzira ku Dikirani. Anapita kaye kwa mkulu wa chipatala kukapempha chilolezo. Mkulu wa chipatalayo, amene sanaonepo chilonda pafupi chikwezedwereni, anathamangira nayo nkhaniyo kwa a Chilumo, Nduna ya Maliboni ndi Sizasi, ndipo dzuwa lisanapendeke nkhani ya khungu la nsomba inali m'bwalo la Mfumu.

Bwalo la Mfumu ndi chipinda chachitali chokhala ndi mipando yofewa, momwe amuna onenepa amapikisana kugwedeza mutu. Mfumu Ndiyambendine inamva mawu akuti kolajeni koyamba tsiku lomwelo, koma inangotsokomola pang'ono n'kukumbutsa nduna zake kuti agogo ake, Ndiyambendine Wachiwiri, ankakonda kuchinena chinthu chimenechi. Nduna zonse zinakumbukira nthawi yomweyo. Ina inakumbukira ngakhale malaya amene malemuwo anavala tsiku limene ankachinena.

Kenako aliyense anayamba kudzikokera khungulo. Nduna ya Mafakitale inati makungu ndi mamba akawiritsidwa amatulutsa guluu wolimba, ndipo dziko lokhala ndi zithunzi zambiri za Mfumu zofunika kumata m'makoma silingakhale lopanda guluu wakewake. Nduna ya Zaumoyo, imene imakwera ndege kupita kunja ikangomva chimfine, inati kuchokera ku zomwezo amapanga timakapisozi ta mankhwala ndi ulusi wosokera mabala umene umasungunuka wokha m'thupi, ndipo mwamwayi mlamu wake anali ndi malo omangapo fakitale. Mkulu wosamala mowa wa kunyumba yachifumu anati anamva kuti kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba kamayeretsa mowa mpaka kuwala. Mkazi wamng'ono wa Mfumu, amene sanali m'bwalomo koma ankamva zonse kuseri kwa katani, anatumiza mawu akuti akufuna mafuta odzola. Za mkono wa Lufeyo palibe amene anafunsa.

Panabuka funso limodzi lovuta. Kodi khungu la nsomba ndi chinthu chatsopano chofunika kutsegulidwa, kapena ndi chakale, popeza anthu akhala akulidya chikhalire dziko? Akatswiri a malamulo anatuluka thukuta mpaka anagamula motere: khungu la nsomba likakhala m'kamwa ndi lakale, likakhala kunja kwa kamwa ndi latsopano. Atamva izi a Chilumo anaimirira. Anali munthu wamfupi wonunkhira mafuta okwera mtengo, amene moyo wake wonse sanamangepo ngakhale khola la nkhuku koma anatsegulitsa chilichonse chimene ena anamanga.

"Mwinidziko," anatero atagwada bondo limodzi, "mlatho timatsegulira pamtsinje, mjigo timatsegulira pamadzi. Nanga mankhwala a chilonda titsegulira pati, ngati si pachilonda? Ndipo Mulungu ndi wabwino, chilondacho tili nacho kale. N'chachikulu, n'chatsopano, ndiponso chili pamalo ooneka bwino pa chithunzi."

M'mawa mwake galimoto ya chimkuzamawu inazungulira msika wa Tapirira ikuwerenga lamulo. Khungu lililonse la nsomba limene silili m'kamwa mwa munthu ndi la Mfumu. Bambo Lufeyo Kamtedza asankhidwa kukhala Wodwala Woyamba wa Dziko. Chilonda chawo chalembedwa m'gulu la katundu wa boma, ndipo chisungidwe mmene chilili kufikira tsiku limene Dzanja Loyamba lidzayalepo Khungu Loyamba.

Anthu a pamsika anamvetsera mwaulemu monga mwa chizolowezi chawo, galimoto itakhota ndiye anayamba. Mayi wina wogulitsa tomato analangiza anzake kuti khungu likagwera pachala pakudya azinyambita msanga, lisanasanduke latsopano. Wometa tsitsi anati iye akumvera chisoni amphaka a m'ngalande, amene tsopano akudya chuma cha dziko popanda chilolezo. Wina anati a Lufeyo ali ndi mwayi, pamsika wonsewu ndi iwo okha amene boma lawapezera chinthu choti liwasamalire. Nasibeko sanaseke nawo. Anapukuta mpeni wake pachitenje n'kupita kuchipatala.

Anapeza mwamuna wake atasamutsidwira m'chipinda chayekha, chokhala ndi maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha Mfumu. Anamuveka nsalu yopingasa pachifuwa yolembedwa udindo wake. Pakhomo panakhala msilikali wa mfuti, amene analamulidwa kuonetsetsa kuti dokotala kapena namwino aliyense asalowe ndi khungu la nsomba. Kutsuka chilonda kunali kololedwa kuti chizioneka bwino, ndipo mapiritsi akale analinso ololedwa popeza anatsegulidwa ndi mafumu am'mbuyomo. M'wodi yaikulu kuseri kwa khoma munagona anthu ena opsa, ana ogwera m'phala ndi amayi oyakiridwa mbaula, ndipo onsewo anauzidwa kuti adikire Wodwala Woyamba ayambe.

Tsiku la mwambo linkangosunthidwa. Poyamba zitenje za mwambowo zinabwera kuchokera kosindikiza nkhope ya Mfumu itayandikana kwambiri ndi mutu wa nsomba, moti anthu ena oipa mtima ankati sakusiyanitsa, ndipo zinabwezedwa. Kenako amayi ovina anati nyimbo sinapse, chifukwa mawu akuti kolajeni ankakana kulowa m'ng'oma. Nyimbo itapsa, sizasi yagolide inapita kokanoledwa. Sizasi itabwera, kunapezeka kuti nsanja imene Mfumu idzaimepo ndi yatsopano, ndipo iyenera kutsegulidwa payokha Mfumu itaima pansanja ina.

Chilonda sichidziwa za zitenje. Mkono wa Lufeyo unatupa, unayamba kutuluka madzi ndi mafinya, ndipo fungo lake linagonjetsa mafuta onunkhira a alendo onse odzamujambula. Thupi linkatentha, zala zinayamba kuuma. Munthu amene ankatha kusenda thumba la mbatatesi akucheza ndi makasitomala tsopano ankalephera kugwira sipuni, ndipo ankalira mwakachetechete atatembenukira kukhoma kuti mkazi wake asaone. Dokotala Kathewera anapita kwa a Chilumo n'kuwauza mosapita m'mbali kuti zikapitirira chonchi mkonowo udulidwa. A Chilumo anadabwa ndi kusayamika kwa mayiyu. Anati chilonda chikamakula ndiye kuti ulemerero wa Dzanja Loyamba ukukulanso, koma za kudula mkono asayerekeze, chifukwa Mfumu idzasowa poyala khungu.

Nasibeko ankabwera tsiku lililonse ndi phala. Sanali mayi wolongolola, koma mkwiyo unali utamufika pakhosi. Tsiku lina anakumana ndi dokotala m'kakhonde ka kuseri, n'kumuyang'ana m'maso. Dokotala Kathewera anachita manyazi, ndipo manyazi ndi chinthu chosowa kwambiri mwa anthu ovala zoyera ku Dikirani. Anayang'ana uku ndi uku, kenako analoza kabokosi kozizira kamene kanali pansi pa tebulo.

"Mayi, m'kabokosi ako muli makungu amene ndalamulidwa kuti ndiwataye, chifukwa ndinawakonza Mfumu isanalole. Ine msana ukundivuta, mukanditayireko. Koma musayerekeze kusamba m'manja ndi sopo uyu, kutsegula paketi, kuyala khungulo mbali yoyera ili pansi, n'kumanganso bandeji mmene inalili. Zimenezo n'zoletsedwa."

"Ndamva, adokotala," anayankha Nasibeko. "Mbali yoyera pansi. N'zoletsedwa."

Msilikali uja sanavute. Lamulo lake linkatchula madokotala ndi anamwino, za akazi a odwala silinanene kanthu, ndipo ku Dikirani palibe msilikali amene amaganiza kupyola pamene lamulo lalekezera. Komanso bandeji ikamamasulidwa iye ankathawira panja chifukwa cha fungo. Choncho masana dzuwa likuswa mtengo, maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha Mfumu zikuonerera, Nasibeko anayala makungu aja pamkono wa mwamuna wake ndi zala zomwe zija zimene zinawasenda pa nsomba. Lufeyo anapuma mpweya wautali n'kunena kuti akumva kuzizirira, ndipo tsiku limenelo anagona tulo koyamba chipsereni.

Kuchedwa kwa boma, kumene kwapha anthu ambiri m'dzikomo, ulendo uno kunachiritsa mmodzi mwangozi. Pamene nduna zinkakangana za amene adzakhale kumanja kwa Mfumu, kutupa kunaphwa, kutentha thupi kunatha, fungo linachoka. Makungu a nsomba anauma n'kuyamba kufunduka okha, ndipo pansi pake panaoneka khungu latsopano, lofiirira ndi lanthete ngati la khanda. Linali ndi zipsera, linkakoka akapinda chigongono, koma zala zonse zinkayenda. Nasibeko anabweretsa mbatatesi imodzi ndi kampeni m'chitenje, ndipo Lufeyo anaisenda pansi pa bulangeti, khoko lake osaduka. Anaseka onse awiri mpaka misozi, atatseka pakamwa kuti msilikali asamve. Bandeji ankaimangabe yaikulu monga kale, ndipo Lufeyo ankabuula mwaluso alendo akabwera.

Pomaliza tsiku linapezeka. Kutatsala tsiku limodzi, a Chilumo anafika ndi ojambula kudzayesera mwambo, n'kulamula kuti bandeji imasulidwe kuti aone mbali imene kuwala kukugwera bwino. Dokotala Kathewera anamasula pang'onopang'ono. Nsalu yomaliza itachoka panaoneka mkono wochira. A Chilumo anatulutsa ojambula onse, anatseka chitseko, n'kuuyang'ana mkonowo uku ndi uku monga munthu wofunafuna ndalama imene yagwera mu udzu.

"Chilonda chili kuti?" anafunsa.

Ndunayo inati katundu wa boma wabedwa, ndipo wakubayo ali m'chipinda momwemo. Sinavutike kumufuna. Inayang'ana dokotala, n'kuona kuti dokotala ndi wofunika pamwambo wa mawa. Inayang'ana Nasibeko, n'kuona kuti wosenda nsomba safunika pa chilichonse. Dokotala anayesa kupereka nzeru. Anati m'wodi yaikulu muli odwala ambiri a zilonda zenizeni, atengepo mmodzi. A Chilumo anati nkhope ya Lufeyo yasindikizidwa kale pa zitenje ndipo dzina lake lili m'nyimbo. Dokotala anati ndiye apake mankhwala ofiira pamkonopo kuti paoneke ngati chilonda. Apa a Chilumo anakhumudwa zenizeni, nati boma la Mfumu Ndiyambendine silinamiza anthu.

Anakonza tayi yawo n'kulankhula motsitsa mawu, mwaulemu wonse. "Ine lero sindinaone kanthu, a Kamtedza. Mawa Mfumu ikamasula bandeji n'kupeza chilonda, nkhani yathera pomwepo. Ikapeza mkono wosalala, bwato la ku Mwafulumira liwatenga mayiwa mwambo usanathe. Sindikukuuzani chochita ayi. Ife a boma sitipweteka munthu."

Tsiku la mwambo bwalo la chipatala linadzaza m'mawa ndithu. Anthu anabwera nawo pa malole kuchokera m'midzi, ana a sukulu anaimikidwa padzuwa ndi timbendera, ndipo kumene kuli khamu ogulitsa malonda sasowa. M'mbali mwa mpanda munali ziwaya zikuwira. Lufeyo anapempha msilikali kuti amuperekeze akapereke moni kwa anzake a pamsika, ndipo msilikaliyo anavomera poyembekezera tchipisi chaulere. Nasibeko anawatsatira, pakuti anali ataona mmene mwamuna wake ankayang'anira utsi wa ziwaya pawindo.

Nasibeko anagwira mwamuna wake malaya kuseri kwa chiwaya cha mnzawo wina wokazinga. Anamuuza kuti asachite zimenezo, kuti iye ndi wokonzeka kukwera bwatolo, kuti anayala makunguwo akudziwa chimene akuchita ndipo akhoza kuyalanso. Anamukumbutsa mmene ankalirira atatembenukira kukhoma, poganiza kuti iye sakuona. Lufeyo ankamasula bandeji ndi dzanja lamanzere, osamuyang'ana.

"Amake Tiya," anatero pomuitana ndi dzina la mwana wawo, "khungu taliona tonse kuti limabwerera. Wobwerera ku Mwafulumira ine sindinamuonepo. Mundigwire dzanja ili."

Anapempha chipande kwa mnzake uja. Mnzakeyo anamuyang'ana, anayang'ana mkonowo, n'kumupatsa chipandecho chodzaza mafuta owira atatembenuza nkhope. Msilikali anali kalikiliki kuthira tsabola pa tchipisi chake. Ng'oma za amayi ovina zinali zitayamba kale, choncho palibe amene anamva kukuwa kwa Lufeyo kupatula mkazi wake, amene anamugwira dzanja lamanja ndi manja ake onse awiri. Kenako Nasibeko anamanganso bandeji mmene inalili, chifukwa ntchito imeneyo anali ataizolowera.

Mfumu inafika dzuwa lili pamutu. Amayi anavina atavala zitenje zokonzedwa zija, nkhope ya Mfumu itatalikitsidwa ndi nsomba, ndipo mawu akuti kolajeni analowa m'ng'oma ngakhale mokakamiza. Lufeyo anamukhazika pampando wa pansanja, thukuta likuyenderera, milomo itauma. Mtolankhani wa boma anati Wodwala Woyamba akunjenjemera ndi chisangalalo. Anamanga liboni kuzungulira bandeji, Mfumu inalidula ndi sizasi yagolide, ndipo nsalu zitachoka khamu lonse linabuula. A Chilumo anasuzumira n'kumwetulira. Chilondacho chinali chabwino kuposa choyamba chija, chofiira, chonyezimira, chopanda fungo lililonse lokhumudwitsa Mwinidziko. Dokotala Kathewera anayang'ana pansi ndipo sanadzutsenso mutu.

Khungu Loyamba linabwera pa pilo wofiira. Mfumu inavala magolovesi, inalinyamula ndi nsonga za zala, n'kuliyala pachilondapo, ndipo mwamwayi mbali yoyera inagwera pansi. Mizinga inalira. Lufeyo anamva kuzizirira kuja kumene ankakudziwa kale kukufalikira pamkono, ululu ukubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo anayang'ana mkazi wake m'khamumo n'kumugwedezera mutu kuti zatheka.

Mfumu inalankhula nthawi yaitali. Inati kuyambira lero palibe mwana wa Dikirani amene adzavutikenso ndi chilonda cha moto. Inati mayiko ena amataya makungu a nsomba chifukwa alibe atsogoleri a masomphenya. Pomaliza inalengeza kuti makungu onse a m'dzikomo, kuphatikizapo amene anali m'firiji ya chipatala, atumizidwa kale ku fakitale ya guluu ndi mafuta odzola, ndipo chipatala chidzalandira gawo lake nyumba yosungiramo makungu a odwala ikadzamangidwa n'kutsegulidwa. Nduna zinaomba m'manja zitaimirira. Odwala a m'wodi yaikulu, amene anawasendezera pamawindo kuti aonerere, anauzidwa kuti nawonso aombe, amene anali ndi manja oombera.

Galimoto zinanyamuka, malole anatenga anthu awo, ana a sukulu anataya timbendera n'kuthamangira kumthunzi. Nasibeko anakwera pansanja n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wa mwamuna wake. Msilikali anali atapita, pakuti ntchito yake inali itatha. Anakambirana motsitsa mawu kuti khungu limodzili, likasamalidwa bwino osanyowa, likhoza kukwanira mbali yaikulu ya chilondacho, ndipo kotsalako aona mmene angachitire.

Ali mkati mokambirana anafika bambo wina wowonda wa magalasi, atanyamula bokosi lagalasi ndi kachitsulo kopanira. Anawapatsa moni mwaulemu, nadzitchula kuti ndi mkulu wa Nyumba Yosungiramo Zinthu Zakale za Ufumu. Anafotokoza kuti chilichonse chimene Dzanja Loyamba lakhudza pamwambo chimakasungidwa kumeneko kuti mibadwo ya m'tsogolo idzaone, ndipo malo a Khungu Loyamba akonzedwa kale pakati pa njerwa yoyamba ya mlatho ndi ndowa yoyamba ya mjigo. Nasibeko anaimirira n'kutchinga mkonowo ndi thupi lake. Bamboyo sanakwiye. Anangoloza apolisi awiri amene anaima pansi pa nsanja, n'kufunsa ngati mayiwa ndi omwe aja a Chilumo anawatchula dzulo.

Lufeyo anamukoka mkazi wake ndi dzanja lamanzere kuti akhale pansi, n'kutambasula mkono wamanja pa bondo. Khungulo linali litayamba kale kumatirira. Bambo wa magalasi anapana m'mphepete mwake ndi kachitsulo kaja, anakoka pang'ono, n'kuima ataona kuti mkonowo ukunjenjemera.

"Musagwedezeke, bambo," anatero mokoma mtima. "Mungang'ambe katundu wa dziko."

Lufeyo analuma kolala ya malaya ake, ndipo sanagwedezeke.